Tsatani njanji: kafufuzidwe ka mbiri ya asilikali akunja pa nkhondo ya ku Mozambique

Ana ambiri omwe ndinawaphunzitsa mbiri kusekondale ankadziwa kuti ku Mozambique kunali nkhondo yapachiweniweni ya Frelimo, chipani cholamula, ndi Renamo, gulu loukira boma, ndipo zaka zake ankazitchula bwinobwino, 1977 mpaka 1992. Koma ukawafunsa za asilikali a mayiko ena omwe analowa nawo m'nkhondoyo, ankangoyang'ana kudenga. Chonsecho asilikali a Zimbabwe anakhala m'dzikomo zaka zoposa khumi, a Tanzania anamenya nkhondo ku Zambezia, ndipo asilikali athu a Malawi analondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987 mpaka 1993. Ambiri mwa anthu amenewa akadali moyo. Ena ndi amalume anu, ena mumakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi, ena akulondera mageti m'tauni usiku. Chichokereni pa ntchito ya choko ndakhala ndikucheza nawo ndi kulemba zomwe amakumbukira, ndipo pano ndikufuna ndikuonetseni m'mene ndimachitira kuti nanunso muyambe kwanuko.

Yambani ndi mapu, ndale zibwere pambuyo

Wofufuza watsopano amathamangira funso loti ndani anali wolakwa. Funso limenelo limatseka pakamwa pa anthu, komanso silikuthandizani kumvetsa chomwe msilikali wa ku Mutare kapena wa ku Zomba ankachita m'dziko la eni. Asilikali akunja sanamwazikane chisawawa m'Mozambique. Ambiri anatumizidwa kukateteza njira zomwe mayiko awo, posowa doko, ankadalira kuti katundu afike kunyanja yamchere. Mukadziwa njira zimenezi mwadziwa theka la nkhani.

Tengani pepala lalikulu, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale, mujambule mizere inayi. Woyamba uchoke ku Beira kudzera ku Chimoio mpaka ku Mutare. Umenewu uli ndi njanji, msewu ndi paipi ya mafuta, ndipo ndiwo unakokera asilikali a Zimbabwe m'dzikomo mu 1982. Wachiwiri uchoke ku Maputo kutsata chigwa cha Limpopo mpaka ku Chicualacuala, kumalire a Zimbabwe. Wachitatu ndi msewu wa ku Tete, wochoka ku Nyamapanda kudzera ku Changara, kuwoloka Zambezi pamlatho wa mumzinda wa Tete, kupyola Moatize mpaka ku Zobue ndi ku Mwanza. Wachinayi ndi wathu uja: Nkaya, Liwonde, Nayuchi, kulowa ku Entre Lagos, Cuamba, Malema, Nampula mpaka kudoko la Nacala.

Muonjezepo kamzere kachisanu, kodukizaduka, kochoka ku Nsanje kupita ku Mutarara ndi mlatho wa Dona Ana. Imeneyi inali njira yathu yakale ya ku Beira. Nkhondo itaitseka, ya ku Nacala nayonso n'kuima mu 1984, fodya, tiyi ndi shuga wa Malawi zinayamba kuzungulira mpaka ku Durban, mafuta ndi feteleza n'kumabwerera njira yomweyo pamtengo wokwera. Mukamvetsa zimenezi simudabwanso kuti boma la Dr Banda, lomwe silinkamwerana madzi kwenikweni ndi Frelimo, linafika potumiza asilikali kukathandiza kulondera njanji ya boma la Frelimo lomwelo.

Mapuwa muziyenda nawo kulikonse. Ndaona anthu omwe poyamba amati anaiwala zonse akuwerama pamkeka, chala n'kumayenda pamzere, akutchula masiteshoni motsatizana ngati mikanda paulusi, ndipo pa dzina lililonse nkhani imatuluka yokha. Akatchula malo omwe simunalembe, apatseni pensulo alembe okha.

Zaka zoti zikhale m'mutu

Simukufunika kuloweza buku lonse, koma zingapo izi musapite osazidziwa, chifukwa mkulu akaona kuti wofunsayo ndi mbuli yeniyeni amangomupatsa zapamwamba.

Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Renamo inaleredwa ndi akazitape a boma la Rhodesia, ndipo mtsogoleri wake woyamba, André Matsangaissa, anaphedwa mu 1979. Dzina loti Matsanga, lomwe anthu a m'malire amatchulira zigawengazo mpaka lero, linachokera pa iyeyu. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, South Africa ndiyo inatenga udindo wolera gululo, Afonso Dhlakama ali patsogolo. Mu Malichi 1984 Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique, ndi P.W. Botha wa South Africa anasainirana pangano la Nkomati loti aliyense asiye kuthandiza adani a mnzake. Mu Ogasiti 1985 asilikali a Zimbabwe pamodzi ndi a Frelimo analanda likulu la Renamo la Casa Banana ku Gorongosa, ndipo mapepala omwe anapeza kumeneko anaonetsa kuti asilikali a South Africa sanasiye kupereka thandizo. Miyezi ingapo pambuyo pake Renamo inalandanso malowo.

Chaka chofunika kwambiri kwa ife ndi 1986. Mu Seputembala, Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzamuuza Dr Banda maso ndi maso kuti Renamo ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi. Atabwerera kwawo, Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kutchera mizinga kuloza kuno. M'masabata omwewo Renamo inalanda matauni a m'mbali mwa malire athu monga Milange, Mutarara ndi Ulongue, ndipo anthu anakhamukira kuno mwaunyinji. Pa 19 Okutobala Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini. Mu Disembala Malawi ndi Mozambique anagwirizana za chitetezo, chaka chotsatira asilikali athu n'kulowa panjanji ya ku Nacala. Nthawi yomweyonso ndi pamene Tanzania inatumiza asilikali ake ku Zambezia, omwe anabwerera kwawo kumapeto kwa 1988.

Kumathero kwake, pa 1 Disembala 1990 mbali ziwirizo zinagwirizana ku Rome kuti asilikali a Zimbabwe azingokhala m'njira za Beira ndi Limpopo basi. Pangano lalikulu la mtendere linasainidwa ku Rome komweko pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu 1993 a Zimbabwe ndi a Malawi anatuluka, m'malo mwawo n'kulowa a United Nations.

Oyamba kucheza nawo asakhale asilikali

Apa ambiri amandidabwa. Msilikali analumbira kusunga chinsinsi, ndipo wa nthawi ya Kamuzu anakula akudziwa kuti pakamwa pamaphetsa. Mukamufikira tsiku loyamba ndi foni m'manja, akulandirani bwino, akupatsani mpando, koma mubwerako ndi nkhani ya mvula.

Yambani ndi omwe anaona asilikaliwo ali chapatali. Madalaivala akale a mathiraki ndiwo osavuta, ndipo amakonda kufotokoza. Iwo ankadutsa msewu wa ku Tete pamdipiti, womwe amangouti konvoyi, asilikali a Zimbabwe ali kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Afunseni kuti ankagona kuti podikira tsiku lonyamuka, galimoto ikafa panjira zinkatha bwanji, ankauzidwa chiyani za kutsika m'mbali mwa msewu. Afunseninso kuti anayamba liti kuzungulira ku Chirundu, Lusaka, Chipata ndi Mchinji, chifukwa yankho lake likuuzani za nthawi yomwe operekeza aja anachoka pamsewupo pangano la 1990 litachitika.

Kenako pitani kwa anthu akale a Malawi Railways, oyendetsa sitima, okonza njanji, ogwira pamasiteshoni a Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi. Amenewa anayenda limodzi ndi asilikali, ndipo amadziwa zinthu zomwe msilikali sangaganize n'komwe kuti n'zofunika, monga liwiro la sitima panjanji yoonongeka ya pakati pa Entre Lagos ndi Cuamba, kapena m'mene ankaonetsetsera kuti kutsogolo kulibe bomba lokwirira.

Musaiwale amayi. Akazi a asilikali omwe ankatsala m'malaini kubalaki amakumbukira tsiku lonyamuka, kutalika kwa ulendo, ndi m'mene uthenga wa maliro unkafikira pakhomo. Amakumbukiranso zomwe bambo anabwera nazo m'chikwama, ndi zomwe anabwera nazo m'mutu. Palinso omwe anathawa nkhondo. Malawi inasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Mulanje, Ntcheu, Dedza ndi kwina, ndipo si onse anabwerera. Ambiri anakwatira kuno, ndi anansi athu. Iwo ndiwo anaona asilikali a mitundu yonse akudutsa m'midzi mwawo.

Mukamafika kwa msilikali mwiniwake, mukhale mutatumidwa ndi munthu yemwe amamukhulupirira, kaya ndi mbale wake, kaya mnzake wa kuntchito, kaya mkulu wa mpingo. Mwezi wa Novembala, pamwambo wokumbukira asilikali omwe anafera kunkhondo, monga pachipilala cha ku Zomba, mumapezeka opuma ntchito ambiri. Kumeneko n'kodziwanirana chabe, si kofunsira mafunso.

Kafunsidwe kake

Pitani kunyumba kwawo masana, osati kumowa. Za kumowa zimakoma, koma m'mawa mwake mwiniwake amazikana. Atchuleni monga m'mene anthu apamudzipo amawatchulira, ndipo ngati amakonda udindo wawo wakale, a Sajeni kapena a Kopolo, teroni. Nenani poyera kuti ndinu ndani, mukulemberanji, ndipo zolembazo zikathera kuti. Foni musaiyatse mobisa. Pemphani, ndipo akakana, lembani pamanja.

Funso loti "munapha anthu angati" lisatuluke pakamwa panu, ngakhale mwanthabwala. Funsani zazing'ono zomwe munthu angayankhe osaopa. Munakwerera kuti sitima? Munkadya chiyani, ndipo ankaphika ndani? Madzi munkatunga kuti? Ndalama ya kumeneko, metikali, inkagula kanthu, kapena munkasinthanitsa ndi sopo ndi mchere? Ndi asilikali a Frelimo munkalankhulana chinenero chanji? Makalata ochokera kunyumba ankafika? Mafunso oterewa amaoneka achibwana, koma ndi amene amatsegula njira. Munthu akayamba kufotokoza za chitsime, posakhalitsa afika pa tsiku lomwe anapita kukatunga madzi anthu asanu n'kubwerako anayi.

Akafika pamenepo, khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkulu wina yemwe ndinkacheza naye pakhonde anaima pakati pa chiganizo, anatenga chipewa chake n'kumachitembenuza m'manja, maso ali pa nkhuku zomwe zinkapalasa pabwalo. Mayi a kunyumbako anatuluka ndi madzi akumwa, anaika pansi, n'kubwerera osanena kanthu. Ine ndinatseka kope. Tinakambirana za mtengo wa feteleza mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nkhani ija anadzaimaliza okha ulendo wina, ndisanafunse n'komwe. Ngati munthu sakufuna kubwererako, musiyeni. Mbiri si yofunika kuposa tulo take.

Pemphani kuona zinthu. Zithunzi zakale muzitembenuza, chifukwa kuseri kumakhala dzina la malo kapena chaka. Mapepala a penshoni, makalata, ngakhale kandalama kapepala ka ku Mozambique kosungidwa m'Baibulo, zonsezi zijambuleni ndi foni pomwepo n'kuzibweza m'manja mwa eni ake. Musabwereke chinthu chopita nacho kwanu.

Kupeza chaka

Anthu athu sasunga zaka m'manambala. Mukafunsa kuti chinali chaka chanji, akupatsani chilichonse kuti musawaone ngati osadziwa. M'malo mwake funsani kuti zinachitika chisanachitike kapena chitachitika chinthu chomwe aliyense amakumbukira. Ine ndimagwiritsa ntchito izi: imfa ya Samora mu Okutobala 1986, kubwera kwa Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu Meyi 1989, napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991, kalata ya maepiskopi mu Malichi 1992 ndi chilala cha chaka chomwecho, chija tinadya chimanga chachikasu, riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi kulandidwa zida kwa apayoniya, gulu la achinyamata la Kamuzu lija, mu Disembala 1993. Ana nawonso amathandiza. Mayi akanena kuti bambo ananyamuka iwo ali ndi pakati pa mwana wachitatu, funsani chaka chobadwa cha mwanayo, nkhani yatha.

Anali asilikali a dziko liti?

Apa m'pamene pamasokonekera ambiri. Wakumudzi akati "asilikali anabwera", angatanthauze a Frelimo, Matsanga, a Zimbabwe, a Tanzania, a Malawi, a Zambia, kapenanso Anaparama, gulu la anthu wamba a mikondo lomwe Manuel António anayambitsa ku Zambezia cha m'ma 1989. Yunifolomu musaidalire kwambiri, chifukwa Renamo inkavala zolanda.

Chinenero n'chodalirika kuposa zovala. Olankhula Chishona, oyenda ndi magalimoto azitsulo ndi ndege za helikoputa, kawirikawiri anali a Zimbabwe, ngakhale muyenera kukumbukira kuti atsogoleri ambiri a Renamo anali Andau, omwe chinenero chawo n'chapafupi ndi Chishona. Olankhula Chiswahili cha ku Quelimane ndi madera ozungulira mu 1987 kapena 1988 anali a Tanzania. Msampha waukulu uli pa chinenero chathu chomwechi. Munthu akakuuzani kuti asilikaliwo ankalankhula Chichewa, musathamangire kulemba kuti anali a Malawi. Angakhale mwana wa ku Angonia kapena ku Macanga, maboma a ku Mozambique komwe amalankhulanso Chichewa, wa Frelimo kapena wa Renamo. Angakhalenso wa ku Zambia, poti Renamo itayamba kuukira midzi ya kum'mawa kwa dzikolo, cha ku Chadiza ndi madera oyandikana nawo, asilikali a Zambia ankawathamangitsa mpaka kulowa m'chigawo cha Tete. Bwererani pamapu aja. Ngati malowo ali kutali ndi njanji ya ku Nacala, funsitsani musanalembe dzina la Malawi.

Azungu nawonso muwasiyanitse. Kunali alangizi ochokera ku Soviet Union, Cuba ndi East Germany kumbali ya boma. A Britain ankaphunzitsa asilikali a Mozambique kuyambira 1986, koma ankawaphunzitsira ku Nyanga, m'dziko la Zimbabwe. Ndipo akakuuzani za zipewa zobiriwira ngati mtambo ndi magalimoto oyera, dziwani kuti nkhondo inali itatha. Amenewo ndi a United Nations a 1993 ndi 1994: a Bangladesh panjanji ya ku Nacala, a Botswana pamsewu wa ku Tete, a Italy panjira ya ku Beira.

Za m'mapepala

Ku National Archives ku Zomba ndi kulaibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mumzinda wa Blantyre, ndi malo oyambira pofuna zolembedwa zakale. Daily Times ndi Malawi News za zaka zimenezo muziwerenge mukudziwa kuti zinkalemba zomwe boma lalola. N'zothandiza pa masiku a misonkhano, maina a nduna ndi maulendo a atsogoleri. Pa zomwe zinkachitika kuthengo, musayembekezere zambiri. Nyuzipepala ya Notícias ndi magazini ya Tempo za ku Maputo zinali mbali ya Frelimo, The Herald ya ku Harare mbali ya boma la Mugabe. Njira yabwino n'kutenga sabata imodzi, mwachitsanzo ya msonkhano wa ku Blantyre uja, n'kuona m'mene mbali iliyonse inalembera. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, m'maboma a m'malire simusowa munthu wokuwerengerani. Malipoti a United Nations a nthawi ya mtendere ali pa intaneti, ndipo lipoti la Robert Gersony la 1988, lomwe linachokera pocheza ndi othawa nkhondo kuphatikizapo omwe anali kuno, nalonso limapezeka.

Pa manambala khalani aulesi kukhulupirira. Maboma ankachepetsa chiwerengero cha asilikali awo ndi cha omwe afa, adani awo n'kumachulukitsa. Za asilikali a Zimbabwe mabuku ambiri amanena kuti panthawi ina anafika cha m'ma 10,000 kapena kuposerapo. Nambala iliyonse yomwe mwaipeza muilembe pamodzi ndi yemwe anainena ndi chaka chomwe anainenera. Nambala yopanda mwini musaiike m'zolemba zanu.

Nkhani yovuta ija

Posachedwa kapena mochedwa wina adzakuuzani kuti pamene asilikali athu ankafera panjanji, ena kuno kwathu ankadyera limodzi ndi Matsanga. Boma la Mozambique linanena zimenezi poyera, boma la Dr Banda linakana, ndipo dzina la apayoniya limatchulidwa kawirikawiri. N'zodziwika kuti mu Disembala 1993, asilikali atawalanda zida, apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Asilikali ena opuma amailankhula nkhaniyi ndi mkwiyo womwe sunazirale mpaka pano, ndipo ine ndimaona kuti mkwiyo umenewo ndi mbali ya mbiriyi, uyenera kulembedwa.

Koma polemba musiyanitse zitatu: zomwe munthu anaona ndi maso ake, zomwe anamva kwa yemwe anaona, ndi zomwe zinkangomveka. Ine ndimaika chilembo m'mphepete mwa kope pa chiganizo chilichonse chotere, O pa zoona yekha, M pa zomva, P pa mphekesera. Akatchula munthu dzina kuti ankagulitsa zida kapena ankapereka anzake, dzinalo lisatuluke m'kope lanu kufikira mutapeza umboni wina wosadalira woyambayo. Anthu amenewa ali ndi ana ndi adzukulu, ena m'mudzi momwemo.

Mukabwerako

Lembani zonse tsiku lomwelo, mutu usanasakanize za uyu ndi za uja. Pamwamba ikani tsiku, mudzi, yemwe analipo pocheza, ndi chinenero chomwe munalankhula. Mawu a munthu muwasiye m'mene anawanenera. Akasakaniza Chisena, Chilomwe, Chiyao kapena Chipwitikizi, musawakonzere. Zojambula za pafoni muzisunge malo awiri, pena pa kompyuta kapena pa kamemori kosiyana, poti foni imagwa m'madzi ndiponso imabedwa m'minibasi.

Kenako bwererani kwa mwini nkhani mukamuwerengere zomwe mwalemba. Adzakonza maina a malo, adzachotsa zina, ndipo nthawi zambiri adzaonjezera zomwe sananene poyamba. Mufunseni ngati akufuna dzina lake lituluke, kapena mungolemba udindo ndi boma lomwe amachokera. Musanaike kalikonse pa Facebook kapena pa WhatsApp, iye avomere kaye, ndipo banja lake lilandire kope lawolawo, losindikiza papepala, chifukwa agogo ambiri sawerenga pafoni.